Ng'ala ndi Ukalamba: Zimene Chakudya Chingathe ndi Zimene Sichingathe

Mwa agogo amene amaoneka akutsogoleredwa ndi adzukulu mumsewu wa Malangalanga ku Old Town, alipo amene khungu lawo n'lochizika. Bungwe la WHO limati ng'ala ndiyo imachititsa anthu khungu kuposa matenda ena onse padziko lapansi. Gogo akaleka kuona, geni yake imaima, ndipo mdzukulu womugwira dzanja amajomba kusukulu. N'chifukwa chake nkhani ya ng'ala ndi nkhani ya chitukuko.

Mmene ng'ala imayambira

Kuseri kwa mwanadiso kuli kagalasi koonekera ngati madzi, kamene kamasonkhanitsa kuwala kuti munthu aone bwino. Kagalasika kalibe mitsempha ya magazi, choncho kamadya kuchokera m'madzi a m'diso momwemo. Mapuloteni a pakati pake ndi omwe munthu anabadwa nawo, ndipo salowedwa m'malo ndi ena. Akawonongeka amaundana monga chimachitira choyera cha dzira pamoto, kagalasi n'kuchita mbuu. Imeneyo ndiyo ng'ala.

Alonda a m'diso

Mpweya wa okosijeni, womwe umapatsa moyo, ndiwonso umadyetsa khasu dzimbiri ndi kudetsa peyala lodulidwa. M'diso umawononga mapuloteni mwanjira yomweyo. Koma peyala lothiridwa madzi a mandimu limachedwa kuda, pakuti m'mandimu muli zotchinga kuwonongekako, zimene asayansi amati ma antioxidant. Diso nalo lili ndi alonda otere. Mmodzi ndi vitamini C, amene amachuluka m'madzi a m'diso kuposa m'magazi. Wina ndi glutathione, amene kagalasi kamadzipangira m'mbali mwake n'kumutumiza pakati. Munthu akamapitirira zaka 40, glutathione amavutika kufika pakatipo, ndipo mapuloteni akale aja amatsala opanda mlonda.

Pali zinthu zimene zimatopetsa alondawa msanga: kusuta fodya, utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda mawindo, kukhalitsa padzuwa lamphamvu, matenda a shuga osasamalidwa, ndiponso kugwiritsa ntchito mankhwala a steroid nthawi yaitali. Wogulitsa malonda pamtetete amadziteteza povala chipewa cha khonde, ndipo wophika amachita bwino kuphikira pamalo popita mphepo.

Malire a chakudya

Vitamini C thupi silipanga lokha, limamupeza m'zakudya. Magwafa, malambe, mapapaya ndi malalanje ali naye wambiri, ndipo bonongwe, chisoso, nkhwani ndi mpiru zili ndi zoteteza zinanso. Zonsezi zimapezeka mumsika waukulu wa Lilongwe. Masamba asamapsetsedwe kwambiri kapena kuthiridwa soda, chifukwa kutero kumapha vitaminiyu.

Komabe chakudya ndi mpanda, si mankhwala. Ngakhale mapiritsi a mavitamini sasungunula ng'ala. Kafukufuku wamkulu wa AREDS ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001, anapeza kuti kumwa mapiritsi amphamvu a mavitamini C ndi E sikunachepetse ng'ala. Mankhwala odontheza m'maso nawonso sayeretsa kagalasi koundana, ndipo madzi a zitsamba angathe kuyambitsa zilonda zopheratu diso.

Kumene kuli thandizo

Ng'ala ikakula, njira ndi imodzi yokha: opaleshoni. Dokotala amachititsa dzanzi diso, amachotsa kagalasi kowonongeka, n'kuikapo kena kochita kupanga. Diso silichotsedwa m'mutu monga amaopera ena. Kawirikawiri ntchitoyi sipitirira theka la ola, ndipo ambiri amayambanso kuona m'mawa mwake akachotsedwa bandeji. M'boma la Lilongwe opaleshoniyi imachitika ku Lions Sight First Eye Hospital, pachipatala chachikulu cha Kamuzu, komanso kuchipatala cha Nkhoma.

Munthu amene akuona ngati kuli nkhungu, amene amathobwa ndi nyali za galimoto usiku, kapena amene sakuzindikira nkhope patali, apite kuchipatala chapafupi akapimidwe, asadikire kuti diso liyereretu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mafumu, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a chitukuko angathandize polemba maina a okalamba osaona bwino m'madera mwawo ndi kuwakonzera mayendedwe. Tsiku lokumbukira maso padziko lonse, lomwe limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Okutobala, ndi nthawi yabwino yoti komiti iliyonse ionenso kuti mwa olembedwawo ndi angati afika kwa dokotala.