Pikiapu Yakana Kulira M'mawa: Amakanika Ayankha Makalata Anu

 Juni wafika, ndipo makalata ambiri a sabata ino akudandaula za pikiapu za dizilo zimene zikuvuta kulira m'mawa. Nthawi ndi yochepa, tiyeni tiyambepo.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Bembeke, m'boma la Dedza. Akuti: "Ndili ndi Toyota Hilux ya injini ya 3L yomwe ndinagula kwa munthu. Ndimanyamulira mbatatesi kupita ku Lilongwe. Masana imalira kamodzin'kamodzi, koma mbandakucha ndimapukusa sitata mpaka batire kutha. Ikalira imanjenjemera n'kumatulutsa utsi woyera."

Bambo, yambani mwaona mahita. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utenthe, ndiye dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Koma injini ikagona pachisanu cha ku Bembeke, zitsulo zozizirazo zimamwa kutentha konseko, n'chifukwa chake silinda iliyonse anaiikira hita yake. Utsi woyerawo ndi dizilo amene sanapse. Pitani kwa wamagetsi a galimoto akayeze mahita onse anayi pamodzi ndi fyuzi yake, ndipo ena akapezeka akufa, sinthani onse. Mukatembenuza kiyi, dikirani kaye kanyali kooneka ngati waya wopiringiza kazime. Kukazizira kwambiri chitani zimenezo kawiri, kenako lizani. Sitata musaipukuse kupitirira masekondi 10 osaipumitsa. Ngati mahita ali bwino koma vuto likadalipo, akayeze kompuresheni, mwina maringi atha.

Mayi ena a ku Mzimba akuti Nissan Hardbody yawo m'mawa imangoti ke-ke-ke, chonsecho batire anagula chaka chatha chomwechi. Mayi, musathamangire kugula lina. Tsekulani boneti muone matemino. Kaufa koyera kamene kamamera pamenepo kamatchinga moto: katsukeni ndi madzi otentha osakaniza soda, mupale, mumange zolimba. Muonenso waya wa eti wochoka pa batire kupita ku injini. Batire lodzadza limaonetsa mavoti 12.6 galimoto ili chozima, ndipo ikamalira alitaneta izipereka pakati pa 13.8 ndi 14.4. Dziwani kuti kukazizira batire limachepa mphamvu, pamene oyilo walimba ndipo injini ikufuna mphamvu zambiri kuti itembenuke. Ndiye ngati ana usiku akumalichotsa kukaonerera kanema, m'mawa mudzafuna anthu okankha basi. Kujudula kwa tsiku ndi tsiku si mankhwala, mayi.

Tsopano kalata iyi ndikufuna tonse tiimvetsere bwino. Yachokera kwa achimwene ena amene amayenda ndi Isuzu KB pakati pa Mzuzu ndi Jenda, kudutsa m'Chikangawa. Akuti: "Muvi wa tempirecha sukwera ngakhale ndiyende mtunda wautali, m'galimoto simutuluka mpweya wotentha, ndipo ikumwa mafuta kwambiri. Nditangoigula amakanika anachotsa thermostat, akuti imeneyo ndi ya kumayiko ozizira, kuno imangowiritsa injini."

Achimwene, mwadziyankha nokha. Ndakhala ndikunena pa pulogalamu ino, ndipo sindidzatopa: thermostat sachotsa. Anzanga a m'magalaja, ndikupemphani ndi ulemu wonse, tisiye khalidwe limeneli. Galimoto ikangotsika kuchokera ku Dar es Salaam kapena ku Durban, chinthu choyamba timathamangira kuzula thermostat n'kuiponya kuseri kwa galaja, mwini wake n'kutilipira, n'kutithokozanso. Tamupweteka munthuyo.

Nkhani yakuti ndi ya kumayiko ozizira inachokera kuti? Hilux zambiri zimene tikuyendera kuno zinapangidwa ku Durban kapena ku Thailand, kumene kumatentha osati masewera. Ma Isuzu ambiri anachokera ku Port Elizabeth, Ford Ranger ku Pretoria. Zonsezo zimatuluka m'fakitale zili ndi thermostat. Ku Japan komweko, miyezi ya Julayi ndi Ogasiti kumatentha kupitirira madigiri 30. Amene anapanga injinizi kutentha amakudziwa.

Ntchito yake ndi iyi. Thermostat ndi kavavu kamene m'kati mwake muli phula. Injini ikakhala yozizira kamatseka njira yopita ku rediyeta, madzi n'kumazungulira m'injini mokhamokha kuti itenthe msanga. Madzi akafika madigiri 80 ndi kupitirirapo pang'ono, phula lija limasungunuka n'kufufuma, kavavu n'kutseguka, madzi n'kupita kokazizira. Kamatero ulendo wonse, kutsekula ndi kutseka, kuti injini ikhale pa kutentha kumene inapangidwira. Mukakachotsa, ndiye kuti m'nkhungu ya ku Chikangawa injini yanu ikugwira ntchito ili yozizira kuyambira ku Mzuzu mpaka ku Jenda. Dizilo sapsa yense. Wina amatsetsereka m'mbali mwa silinda n'kutsuka oyilo amene amateteza maringi, n'kukathera pansi mu sampu. Nayo nthunzi imasanduka madzi m'kati mwa injini, ndipo madziwo sauma chifukwa oyilo sakutentha. Mafuta mukuwononga, injini ikudyeka mwakachetechete, inu mukusangalala kuti muvi uli pansi.

Kunabwera mnyamata wina ku galaja kwanga ndi Hilux ya 5L imene bambo ake anamusiyira. Ankadandaula kuti ikumwa oyilo ndipo yatha mphamvu pamtunda. Nditatsekula chotsekera oyilo ndinapeza kunsi kwake kwamata zoyererako zonanda, ngati phala la dzulo. Ndinaviika chala mu oyiloyo: anali wopyapyala, akununkha dizilo. Titamasula pokhala thermostat tinangopeza dzenje. Mnyamatayo anagwira m'mutu nditamuuza kuti injini ikufunika kutsitsa, chifukwa galimoto imeneyo ndiyo inkalipirira azing'ono ake sukulu. Kachitsulo kokwana m'dzanja kanamudyera ndalama za chaka.

Ena mukuti, nanga bwanji yanga inkawira, atachotsa inasiya? Inasiya kuonetsa chabe, matenda akadali momwemo. Injini ikamawira funsani: kodi rediyeta sinatsekeke ndi dzimbiri? Chotsekera chake chikugwira? Fanibeluti ndi yolimba? Fani ikukoka mpweya mokwanira? Pampu ya madzi ili bwino? Gasiketi sinapse? Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi m'injini. Ikachotsedwa, madzi ena amangodutsa m'kanjirako osafika ku rediyeta, ndiye tsiku limene mudzakwere Chiweta kapena Thabwa mutasenza katundu, idzawira ndithu. Ngati mukuikayikira thermostat, kuyeza kwake n'kosavuta. Iponyeni m'poto wa madzi pamoto, muziyang'ana: yabwino imatseguka madzi asanabwate. Ikakana, gulani ina ya nambala yomweyo yolembedwa pa chitsulocho. Yakufa timasintha, sitisiya dzenje.

Tili pa madzi pomwepa, abale anga, madzi a pamjigo si a m'rediyeta. Amasiya miyala m'timapaipi ndipo amadyetsa injini dzimbiri. Thirani kulanti. Zimenezi zikuyankhanso m'bale wathu amene walemba ali ku Johannesburg, amene akufunsa ngati Ford Ranger yake ingagone panja ndi madzi okha. Ayi, achimwene. Kumeneko mu Juni ndi Julayi usiku wina madzi amaundana, ndipo akaundana amafufuma, moti angathe kung'amba rediyeta ngakhale injini imene. Sakanizani kulanti ndi madzi oyera theka ndi theka, pokhapokha botololo litalembedwa kuti ndi wosakaniza kale. Kuno kwathu amene mumagona ndi galimoto ku Nyika muchitenso chimodzimodzi.

Bambo ena a ku Tsangano akuti anzawo anawalangiza kuti galimoto ikakana azipopera mankhwala a udzudzu polowera mpweya, kapena aziika mbaula pansi pa injini. Mwachita bwino kufunsa, bambo, safunsa anadya phula. Zonse ziwirizo musayerekeze. Mankhwalawo, kaya kansanza koviika mu petulo, amaphulika nthawi isanakwane, makamaka akakumana ndi hita yofiira, ndipo amathyola maringi, injini n'kunoka. Mbaula nayo pansi pa galimoto yodontha dizilo ndi oyilo, mudzaotcha galimoto ndi nyumba yomwe. Gonekani galimoto pamalo otchingika ndi mphepo, thirani oyilo wa 15W-40 weniweni, ndipo ikalira musaiponde moto nthawi yomweyo. Ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako nyamukani pang'onopang'ono mpaka muvi ukwere.

Yotsiriza ndi ya dalaivala wa ku Thyolo: kukakhala chiperoni galimoto imatsamwa, ndipo pa dashibodi pamayaka kanyali ka fyuluta. Amenewo ndi madzi mu dizilo. Pansi pa fyuluta pali kotsekulira: masulani, madzi atuluke mpaka muone dizilo woyera, mumange, mupope kapampu ka pamwamba. Thanki musamaigoneke ili pafupi kuuma, chifukwa mpweya wachinyezi umasiyamo madzi. Ndipo ndikufunseni: dizilo wa m'zigubu mumudziwa bwanji kuti sanathiremo palafini kapena madzi? Ndikudziwa mafuta akasowa munthu umagwira njakata, koma mtengo wa pampu ndi manozo umaposa kutali ndalama imene mwapulumutsayo.

Nthawi yatithera. Makalata a matayala ndi masipuring'i tidzawayankha sabata yamawa. Amene pikiapu zanu zilibe thermostat, mawa lomweli pitani mukabwezeretse, ndipo amakanika akakana, auzeni andilembere kalata tidzakambirane pompano.