Mazira akale omwe anaulula chiphe

M'nyumba zosungiramo zachilengedwe muli zinthu zambiri zomwe alendo saziona. Kuseri kuli makabati odzaza ndi zikopa za mbalame, tizilombo tobayidwa ndi mapini, nsomba zonyikidwa m'mabotolo a sipiriti, ndi masamba owuma omatidwa papepala. Kuno kwathu, zomera zouma zotere amazisunga ku National Herbarium ku Zomba.

Chinthu chilichonse chimakhala ndi kapepala kake. Pamenepo amalemba dzina lake, malo omwe anachipeza, tsiku, ndi munthu amene anachitola. Kapepalako musakachepetse. Kakatayika, palibe angadziwenso kuti chinthucho n'cha liti kapena n'cha kuti.

Nanga kusunga zakufa kumathandiza chiyani? Tamvani zomwe zinachitika ku Britain.

M'zaka za m'ma 1950, mbalame zolusa zotchedwa peregrine, zofanana ndi kabawi, zinayamba kuchepa. Mazira ake ankasweka m'chisa mbalameyo ikamafungatira. Katswiri wina, Derek Ratcliffe, anakafufuza mazira akale omwe anthu anasunga. Dzira losunga amaliboola kabowo kakang'ono, n'kutulutsa zam'kati, kutsala chigoba chokha. Ratcliffe anayeza kukula ndi kulemera kwa chigoba chilichonse, n'kuwerenga chaka cholembedwa pakapepala.

Mu 1967 analengeza zomwe anapeza. Kwa zaka zambirimbiri zigobazo zinali zokhuthala chimodzimodzi. Koma kuyambira cha m'ma 1947 zinapyapyala, ndipo kulemera kwake kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Nthawi yomweyo ndi imene mankhwala ophera tizilombo a DDT anayamba kufala m'mafamu. Mbalame zing'onozing'ono zinkadya chakudya chokhala ndi mankhwalawo, peregrine n'kudya mbalamezo. Chiphecho chinkaunjikana m'thupi mwake, n'kuilepheretsa kupanga chigoba cholimba.

Anthu omwe anatola mazira aja cha m'ma 1900 sankaidziwa n'komwe DDT. Iwo anangosunga bwino n'kulemba tsiku molondola. Pakanapanda iwowo, Ratcliffe akanasowa poyerekeza, ndipo wina akanatha kunena kuti mazira a mbalameyi ngosalimba chikhalire.

Ku America nako akatswiri anayeza mazira a m'makabati mwawo n'kupeza zomwezo. Mu 1972 boma lakumeneko linaletsa kuthira DDT m'minda, ndipo pang'onopang'ono mbalame za peregrine zinayambanso kuswana.

Mafunso
1. Kodi pakapepala kaja amalembapo chiyani?
2. Ratcliffe anadziwa bwanji chaka chomwe zigoba zinayamba kupyapyala?