Chipere cha M'mutu: Matenda a Nyumba Yonse

Amayi, mukaona kachigamba kozungulira m'mutu mwa mwana wanu, pomwe tsitsi lathothoka ndipo khungu likuyabwa ndi kutuwa ngati phulusa, dziwani kuti chimenecho ndi chipere. Matendawa sabwera ndi ufiti. Amayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu tomwe timalowa m'kati mwa tsitsi lenilenilo.

Chimafala bwanji?

M'nyumba zambiri muno m'Chimwankhunda ana amagona pamodzi, nagwiritsa ntchito chipeso chimodzi, chopukutira chimodzi ndi chisoti chimodzi. Lumo ndi makina ometera osatsuka bwino amanyamulanso matendawa kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake. Galu kapena mphaka wothothoka ubweya angapatsirenso ana. Nthawi zina munthu wamkulu amasunga tizilomboti m'mutu popanda chizindikiro chilichonse. Nchifukwa chake mwana mmodzi akachira, mng'ono wake amayamba.

Kuchiza kwake

Mankhwala opaka monga Whitfield amathandiza zipere za pathupi, koma m'mutu safika pa mizu ya tsitsi. Pafunika mankhwala akumwa otchedwa griseofulvin. Pitani ndi mwana ku chipatala cha Zingwangwa kapena cha Limbe, ndipo tengani buku lake la sikelo, popeza muyezo wa mankhwala umatsata kulemera kwa mwana. Mpatseni tsiku ndi tsiku kwa milungu 6 mpaka 8, pamodzi ndi chakudya cha mafuta monga phala lotendera kapena mkaka, kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Musaleke pakati ngakhale tsitsi liyambe kumera. Mayi woyembekezera asamwe mankhwalawa.

Ngati chigamba chatupa ndi kutulutsa mafinya, musachedwe ndiponso musachiboole. Chipere chotere chikalekereredwa chingathe kusiya dazi la moyo wonse. Achipatala akaona kuti nchovuta adzakutumizani ku Queen Elizabeth.

Zoyenera kuchita pakhomo

1. Yang'anani m'mutu mwa ana onse, ndipo onse okhala ndi zigamba apite kuchipatala tsiku limodzi.
2. Mwana aliyense akhale ndi chipeso ndi chopukutira chake.
3. Chapani zofunda ndi zisoti m'madzi otentha ndi sopo, nkuziyanika padzuwa.
4. Musapake palafini kapena madzi a m'batire m'mutu mwa mwana, pakuti zimaotcha khungu.

Mwana amene wayamba kumwa mankhwala angathe kupita kusukulu. Musamseke kapena kumubisa m'nyumba. Chipere chimachizika, malinga banja lonse lichitepo kanthu nthawi imodzi.