Kompyuta ikamazima yokha, musathamangire kuifomata

Tchuthi chapitachi ndinakhala kwa amalume anga, ndipo asayimenti imene ndinayenera kupereka potsegulira sukulu ndinkailemba pa kompyuta yawo ya patebulo. Ndi ya kaunjika, inagwirapo ntchito mu ofesi ina zaka zambiri isanafike kwa iwo, ndipo amasungamo kaundula wa katundu ndi ngongole za pa golosale yawo. Tsiku lina masana, ndili mkati molemba, sikirini inangoti bii! Fani inakhala chete kamphindi, kenaka kompyuta inayakanso yokha ngati palibe chachitika. Masamba awiri anapita. Dzuwa lisanalowe inachitanso kawiri.

Msuweni wanga anati ndi vayirasi. Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika ananena zomwezo, nawonjezera kuti mankhwala ake n'kufomata basi. Amalume atamva kuti kufomata n'kufufuta zonse, anandiyang'ana nati, "Wa ku koleji ndiwe. Ngongole za anthu zili m'menemo zikasowa, undilipira iweyo?" Ine sindine katswiri wa makompyuta, ndikuphunzira zauphunzitsi. Koma nkhaniyi ikutikhudza ifeyo kuposa mmene timaganizira. Ambiri tikapita kukaphunzitsa, ahedi adzatipatsa kiyi wa chipinda cha makompyuta akale amphatso chifukwa choti ndife achinyamata, ndipo wokonza adzakhala kutali, ku boma kapena m'tauni. Zimene ndinaphunzira pa tchuthicho ndi izi.

Musanakhudze china chilichonse, koperani mafayilo ofunika pa fulashi. Kompyuta ikazima pamene ikulemba fayilo, fayiloyo imatha kuwonongeka, ndipo simudziwa kuti kuzima kwa mawa kutenga chiyani. Mukatero tengani kope ndi cholembera. Nthawi iliyonse ikazima, lembani ola, zimene mumachita, nthawi imene inakhala ili yoyaka, komanso mmene inazimira. Timangoti "ikuzima yokha", koma mukalemba masiku atatu mudzaona kuti nthawi zambiri kuzimako kuli ndi nthawi yake. Yathu sinkazima m'mawa. Inkadikira kuti malata atenthe.

Kazimidwe kali mitundu itatu, ndipo uliwonse umaloza kwina. Pali kuzima kwa phi, ngati wina wazula pulagi, popanda uthenga uliwonse. Kumeneku kawirikawiri n'kwa magetsi kapena kutentha. Pali kwina kumene sikirini imasanduka ya buluu n'kulemba mawu achingerezi, kenaka kompyuta n'kuyambanso. Pa Windows 11 yatsopano sikiriniyi ndi yakuda, koma tanthauzo ndi lomwelo: Windows yakumana ndi cholakwa chimene singapitirire nacho, ndipo oyamba kuwakayikira ndi RAM, driver kapena disiki. Mtundu wachitatu ndi kuhang'a, pamene chithunzi chimangouma, mausi osayenda, mpaka mutadina batani nokha.

Vuto la sikirini ya buluu n'lakuti imadutsa ngati mphezi, munthu usanawerenge. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani sysdm.cpl, pitani pa Advanced, kenaka Settings ya pansi pa Startup and Recovery, n'kuchotsa chizindikiro pa Automatically restart. Ikadzagwanso idzaima pomwepo, ndipo mudzajambule mawuwo ndi foni. Windows nayo ili ndi kope lake. Mukalemba perfmon /rel m'kabokosi komweko, mumaona masiku onse atandandalikidwa, ndi chizindikiro chofiira pa tsiku limene china chinagwa, pamodzi ndi mapulogalamu amene anaikidwa masiku amenewo. Mu Event Viewer, pansi pa Windows Logs ndi System, mupeza uthenga wa Kernel-Power wa nambala 41. Ambiri akauona amaganiza kuti agwira wakuba. Ayi ndithu. Uthengawu umangonena kuti kompyuta sinazimitsidwe mwa dongosolo, ndipo umalembedwa ngakhale magetsi atangothima. Chothandiza chili mkati mwake, pa Details: ngati BugcheckCode ili 0, Windows sinapeze mpata wolemba cholakwa chilichonse, choncho yang'anani kaye ku magetsi ndi ku zitsulo. Pa ya amalume, pena paliponse panali 0.

Yambani ndi khoma, chifukwa sipafuna ndalama. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoliti 230, koma amatsika ndi kukwera, ndipo kuphethira kochepa kumene babu silikuonetsa bwino n'kokwanira kuzimitsa kompyuta ya patebulo, poti ilibe batire ngati laputopu. Onani ngati pulagi yakhazikika, ngati chingwe cha kumbuyo sichikugwedera, ndiponso zimene zalumikizidwa pa ekisitenshoni imodzi. Ketulo, ayironi kapena firiji zikhale ndi soketi yake. Yesani chingwe china ndi soketi ina kwa tsiku limodzi. Dziwaninso kuti surge protector imateteza magetsi akakwera mwadzidzidzi, koma singathandize akatsika kapena akathima. Imeneyo ndi ntchito ya UPS. Komatu UPS ya batire lotha nayo imazimitsa kompyuta, ndiye ngati ilipo, ichotseni kaye muone.

Kwathu khoma linalibe mlandu, ndipo kope langa linkaloza ku kutentha. Purosesa imadziteteza yokha. Ikatentha kwambiri imayamba yachepetsa liwiro, pa ma Intel ambiri pafupi ndi madigiri 100, ndipo kutenthako kukapitirira imadula magetsi kuti isapse. Pulogalamu yaulere ngati HWMonitor kapena HWiNFO imaonetsa madigiriwa. Kompyuta ikangokhala osagwira ntchito yolemera, madigiri a pakati pa 30 ndi 50 ndi abwino. Ikamapitirira 90 pamene mwangotsegula Word ndi Chrome, pali vuto. Yathu inkayambira m'ma 70 isanagwire kalikonse.

Nditatsegula chivundikiro cha m'mbali ndinamvetsa. Pakati pa fani ndi chitsulo cha mizeremizere chimene chimayamwa kutentha kwa purosesa panali fumbi lolukana ngati bulangete, ndipo pakona panali mazira a mphemvu. Fani inkazungulira ndithu, koma mphepo inalibe podutsa. Azakhali nawo ankaifunditsa nsalu yokongola yoluka kuti isade, ndipo nsaluyo sinkachotsedwa ngakhale kompyuta ili yoyaka. Sindinawatsutse pamaso pa ana, ndinangopempha kuti izikhala yofunda usiku wokha.

Potsuka, zimitsani, zulani chingwe ku khoma, ndipo dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira atheretu. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze za mkati, chifukwa magetsi a m'thupi, aja amathetheka tikamavula juzi, amatha kuwononga tizipangizo. Tulutsani bokosilo panja. Gwiritsani ntchito burashi youma yofewa ndi chopemerera mphepo, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopyola muyezo. Musapemerere ndi pakamwa poti malovu amapita nawo, ndipo nsalu yonyowa isayandikire. Ngati madigiri sakutsika, chotsani chitsulo choyamwa kutentha chija. Pansi pake pamakhala phala lotuwa lotchedwa thermal paste, limene limadzaza timipata tosaoneka pakati pa purosesa ndi chitsulocho. Likakalamba limauma ngati dothi la m'chilimwe. Pukutani lakalelo ndi isopropyl alcohol, ikani latsopano lochepa ngati njere ya nandolo pakatikati, n'kumanga zomangira zonse mofanana. Ena amaikapo mankhwala otsukira mano. Amauma msanga, ndipo mudzabwerera pomwe munayambira. Titachita zimenezi, yathu inatsikira m'ma 40, ndipo amalume anandigulira Fanta.

Ndinakondwa msanga. Patatha sabata inagwanso, koma mwa mtundu wina: sikirini ya buluu yolembedwa MEMORY_MANAGEMENT, ndipo mawa lake IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Kopelo linandithandiza kuona kuti iyi ndi nthenda yachiwiri, osati yoyamba ija yabwerera, chifukwa madigiri anali bwino ndipo inagwa m'mawa kukuzizira. Mawu a pa sikirini ya buluu akamasinthasintha chonchi, kayikirani RAM. Ndi timatabwa tating'ono totalika timene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo. Malo amodzi okha akawonongeka, cholakwacho chimagwera pulogalamu iliyonse imene yaikidwa pamenepo, n'chifukwa chake uthenga sukhala umodzi.

Windows ili ndi choyezera chake, chimene mumachitsegula polemba mdsched.exe, koma chimaphonya zolakwa zina. MemTest86 imayeza mozama. Mumaiika pa fulashi, n'kuyatsira kompyuta pa fulashiyo, ndipo imazungulira RAM yonse kanayi, zomwe zimatenga maola angapo, choncho isiyeni usiku ngati magetsi alola. Cholakwa chimodzi chokha n'chokwanira kunena kuti pali vuto. Musagule RAM yatsopano nthawi yomweyo. Zulani timatabwato, pukutani mano ake agolide ndi chofufutira pensulo choyera, chotsani zinyenyeswa, n'kutibwezera mpaka tizotsekera ta m'mbali titati tha. Cholakwa chikapitirira, yezani kamodzikamodzi. Kamene kalephera kayeseninso pa malo ena, chifukwa nthawi zina wodwala ndi malowo, osati RAM.

Apa m'pamene ndinakumbukira aphunzitsi athu a Physics ku sekondale, amene ankakana lipoti la munthu wosintha zinthu ziwiri pa kuyesa kumodzi. Ukasintha chingwe, n'kutsuka fumbi, n'kuzula RAM tsiku limodzi, kompyuta ikachira sudziwa chimene chaichiza, ndipo ikadwalanso uyambira pachiyambi. Yathu inali ndi timatabwa tiwiri ta 4 GB. Kamodzi kanadutsa mayeso onse, kenako kanatulutsa mizere yofiira pa malo onse awiri.

Disiki siitenga nthawi kuyeza. CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki imalemba za thanzi lake n'kukuuzani Good, Caution kapena Bad. Ikati Caution, kapena mukamva kulira kwa ke-ke-ke mkati, koperani zonse lero lomwe ndipo yambani kufunafuna ina. Kankhaninso bwino zingwe ziwiri zimene zimalowa m'disikimo.

Nanga mapulogalamu, amene aliyense amathamangira kuwaimba mlandu? Amachititsa ndithu, makamaka driver, kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi chipangizo monga purintala, kadi ya zithunzi kapena ka Wi-Fi ka pa USB. Ngati vuto linayamba tsiku limene munaika chinthu chatsopano, chichotseni, kapena pitani mu Device Manager mukasankhe Roll Back Driver. Safe Mode imayatsa Windows ndi ma driver ofunikira okha, ndiye kompyuta ikakhazikika m'menemo, kayikirani zimene zasiyidwa kunja. Lamulo la sfc /scannow, lolembedwa mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator, limakonza mafayilo a Windows owonongeka, zimene zimachitika kawirikawiri kumene magetsi amathimathima. Ma antivirus awiri pa kompyuta imodzi amalimbana okhaokha, siyanipo imodzi. Vayirasi nayo iyezeni, Microsoft Defender ili ndi Offline scan, koma kwa ine ndi womaliza pa mndandanda wa okayikiridwa, pakuti wopanga vayirasi amafuna kompyuta yanu ikhale yoyaka kuti aziba bwino.

Pali kuyesa kumodzi kumene ndikanakonda mnyamata wa pamsika uja akanakudziwa. Ikani Ubuntu pa fulashi, yatsirani kompyuta pamenepo, sankhani kuyesa osati kuika, ndipo igwiritseni ntchito tsiku lonse. Windows yanu imakhala ili gone, osakhudzidwa. Kompyuta ikazimabe, vuto lili m'zitsulo kapena m'magetsi, ndipo kufomata kungangokutayitsani mafayilo pachabe. Ikakhazikika masiku angapo pa ntchito yofanana, pamenepo ndiye mungayambe kuganiza zoikanso Windows, mafayilo mutasunga kale.

Power supply, bokosi lachitsulo limene chingwe cha ku khoma chimalowamo, ndaisiya kumapeto chifukwa ndi yovuta kuigwira ndi umboni. Chizindikiro chake n'kuzima kwa phi pamene kompyuta yayamba ntchito yolemera, madigiri ali bwino, RAM yadutsa mayeso, soketi ilibe vuto. Waya wake wa mavoliti 12 amayenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, koma manambala a mavoliti amene mapulogalamu amaonetsa si odalirika kwenikweni, ndipo kutsika kwa kanthawi kochepa sakuona n'komwe. Njira yotsimikiza n'kubwereka ina yabwino n'kuyesa masiku angapo. Onetsetsani kuti mapulagi ake akufanana, poti makompyuta ambiri a m'maofesi ali ndi power supply za mtundu wawowawo. Bokosi limeneli musalitsegule ngakhale pang'ono. Mkati mwake muli ma capacitor amene amasunga magetsi otha kupha munthu ngakhale chingwe chitazulidwa. Ikamanunkha kupsa, zulani ku khoma ndipo musayatsenso. Muli pomwepo yang'anani motherboard ndi tochi: timigolo ting'onoting'ono toimirira tiyenera kukhala tosalala pamwamba, ndipo tikafufuma kapena kutuluka zofiirira, ntchitoyo ndi ya amisiri. Dinaninso batani loyatsira ndi la reset muone ngati likubwerera bwino, chifukwa batani lokanirira ndi fumbi limatha kuzimitsa kompyuta yopanda vuto lina lililonse.

Kompyuta ya amalume pano ikuyenda ndi 4 GB yokha mpaka apeze ndalama ya kathabwa kena. Imachedwa mukatsegula masamba ambiri a intaneti, koma kuyambira tsiku limene ndinazula kowonongeka kaja sinazimenso, ndipo kaundula wa ngongole ali momwemo, kope lina lili pa fulashi m'kabati ya azakhali. Masamba awiri aja ndinawalembanso. Word imasunga yokha ntchito pa mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe, ndiye ndinalowa pa File, Options ndi Save n'kuika mphindi 2.