Ngolo Yokokedwa ndi Njinga Yamoto: Kapangidwe Kake ndi Malire Ake

Tsiku la msika, misewu ya m'mawodi imadzaza ndi njinga zamoto zomwe zasenza madengu a tomato, zigubu, nkhuku ngakhalenso malata. Katunduyo amamangidwa pa kaliyala mpaka kupitirira mutu wa woyendetsa, ndipo njinga yotero siichedwa kugwa pamchenga kapena pokhota. N'chifukwa chake eni njinga ena ayamba kupita kwa amisiri owotcherera kuti awapangire kangolo kokoka kumbuyo. Maganizowa ndi abwino, pakuti katundu amakhala pafupi ndi nthaka ndipo woyendetsa amakhala momasuka. Koma ngolo yopangidwa mongoyerekeza ndi yoopsa kuposa kaliyala wodzaza.

Chinthu choyamba kukambirana ndi kulemera, chitsulo chisanadulidwe n'komwe. Njinga zambiri za kabaza, za injini ya 125cc kapena 150cc, zimalemera makilogalamu pafupifupi 120. Injini yake ikhoza kukoka matumba angapo pamalo athyathyathya, ndipo apa ndi pomwe ambiri amanyengedwa. Vuto lili pa kuimitsa. Kangolo kotere kalibe mabuleki akeake, choncho kulemera kwake konse kumakankha njinga kuchokera kumbuyo woyendetsa akaponda buleki, makamaka pamtsetse. Ku Britain lamulo limati ngolo pamodzi ndi katundu wake isapitirire makilogalamu 150 kapena magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa njingayo, potengera chocheperapo pa ziwirizi, ndipo isapose mita imodzi m'lifupi. Lamuloli ndi la dziko lina, koma muyeso wake ndi wothandiza. Pa njinga ya makilogalamu 120, malirewo ndi makilogalamu 80. Ngolo ikalemera 30 payokha, otsala ndi 50, lomwe ndi thumba limodzi la chimanga.

Ena amva zimenezi nkugwa ulesi. Komabe phindu la ngolo lili pa katundu wotenga malo ambiri koma wopepukirapo: kabichi, masamba, makireti a buledi, mathireyi a mazira, zitete za nkhuku, mbande za mitengo. Amene akufuna kututa matumba asanu a feteleza nthawi imodzi afunefune ngolo ya ng'ombe kapena njinga ya matayala atatu yomwe idapangidwira ntchitoyo.

Fulemu imapangidwa ndi mapaipi a ngodya zinayi a mamilimita 25, omwe ndi olimba koma osalemera ngati zitsulo zochindikala za mageti. Bokosi la mita imodzi m'litali ndi masentimita 60 kapena 70 m'lifupi ndi lokwanira. Mmisiri wosamala amayamba wagwiriza zitsulozo ndi timadontho ta moto, kenaka nkuyeza ndi tepi kuchoka pangodya ina kufika pangodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikafanana, fulemu yawongoka, ndipo apo ndi pomwe amawotcherera kotheratu. Fulemu yopotoka imayenda chammbali ngati nkhanu ndipo imadya matayala. Pansi pa bokosi pamayalidwa matabwa opyapyala, nkusiya timipata totulukira madzi a mvula.

Matayala a wilibala ndi otsika mtengo, koma adapangidwira liwiro la munthu woyenda pansi. Akathamangitsidwa mtunda wautali amatentha ndi kuwonongeka. Abwino ndi matayala akutsogolo a njinga zamoto zakale, a mainchesi 17 kapena 18, chifukwa amadumpha maenje mosavuta ndipo machubu ndi masipoko ake amapezeka pamalo ochitira malonda ambiri. Tayala lililonse likhale pakati pa zitsulo ziwiri zogwira ekiselo yake mbali zonse, monga limakhalira panjinga. Malo ake asakhale pakatikati penipeni pa bokosi koma cha kumbuyo pang'ono: pa bokosi la mita imodzi, masentimita 60 kuchokera kutsogolo.

Chifukwa cha muyeso umenewu n'chofunika kuchimvetsa. Ngolo imayenda mowongoka pamene gawo la kulemera kwake, pakati pa 10 ndi 15 pa 100 aliwonse, likutsamira pa cholumikizira. Katundu akachulukira kumbuyo kwa matayala, mkono wa ngolo umanyamula kumbuyo kwa njinga, ngolo nkuyamba kugwedezeka uku ndi uku, ndipo kugwedezekako kumakula liwiro likamakwera mpaka kugwetsa njinga. Akachulukira kutsogolo, tayala lakutsogolo la njinga limapepuka ndipo chiwongolero chimaleka kumvera. Sikelo yopachika yomwe ogula mbewu amagwiritsa ntchito ndi yokwanira kuyezera: ikakoledwa kunsonga ya mkono wa ngolo yodzaza ya makilogalamu 80, iwonetse pakati pa 8 ndi 12. Mkonowo usakhale waufupi. Kuchoka pa cholumikizira kufika pa ekiselo pakhale mita imodzi ndi theka, chifukwa mkono waufupi nawonso umabweretsa kugwedezeka.

Cholumikizira ndiye pagona luso la mmisiri. Galimoto pokhota imakhala chilili, pamene njinga yamoto imapendekera, koma ngolo ya matayala awiri siipendekera nayo. Choncho cholumikizira chiyenera kulola kuyenda kwa mitundu itatu: kukhotera kumanja ndi kumanzere, kukwera ndi kutsika pa zitunda, ndiponso kupotokola njinga ikamapendekera. Bawuti imodzi yolowetsedwa pabowo imalola kukhota kokha. Pakona yoyamba imakaniza njinga kupendekera, apo ayi imathyoka. Amisiri amatha kugwiritsa ntchito universal joint yochotsedwa ku propshaft ya galimoto yakale, yomwe imapereka mayendedwe awiri oyamba, nkuwonjezera kumbuyo kwake chitsulo chozungulira mkati mwa paipi kuti chipereke kupotokolako. Cholumikiziracho chimangiriridwe ndi mabawuti ku fulemu ya njinga mbali zonse ziwiri, ndipo chikhale chotsika, pafupi ndi msinkhu wa ekiselo ya tayala lakumbuyo. Kuchimangirira pa kaliyala ndi kulakwitsa komwe kumaoneka kawirikawiri: kaliyala ali pamwamba, ndipo ngolo ikakankha pamenepo pa nthawi ya buleki imapeputsa tayala lakumbuyo. Pomaliza pakhale matcheni awiri opingasana pansi pa mkono, kuti cholumikizira chikaduka ngolo isathamangire yokha m'gulu la anthu.

Zowonjezera zimatengera ntchito ya mwini wake. Wa nkhuku aika waya wa sefa m'mbali ndi kadenga ka mthunzi, wa mazira ayala udzu kapena siponji pansi, wa mkaka aika mphete zogwira zigubu. Zigubu zidzazidwe mpaka pakamwa, chifukwa madzi a theka amakhavukira mbali imodzi pokhota. Chomwe sichiyenera kusowa pa ngolo iliyonse ndi nyali yofiira, nyali ya buleki ndi zonyezimira kumbuyo, popeza ngolo imabisa nyali ya njinga. Utoto wa red oxide upakidwe poyamba kuti dzimbiri lisadye mowotchereramo. Ngolo yotereyi si yonyamulira anthu, ngakhale ana kapena wodwala.

Isanalowe mumsewu, mwini wake afike ku ofesi ya Road Traffic kukafunsa zomwe malamulo akufuna pa ngolo yokokedwa, ndiponso afunse kampani yake ya inshuwalansi ngati chitetezo chake chikukhudza ngoloyo. Kuyesa kuchitikire pabwalo la mpira, poyamba ngolo ili yopanda kanthu, kenaka ndi matumba a mchenga owonjezeredwa pang'onopang'ono, woyendetsa akuphunzira kutalika kwa mtunda womwe njinga ikufuna kuti iime. Pamtsetse atsike ndi giya yaing'ono. Pakatha sabata yoyamba ya ntchito, mabawuti onse amangidwenso, tcheni cha njinga chikungidwe, ndipo mowotchereramo pafupi ndi cholumikizira muunikidwe ngati mwayamba ming'alu.