PHWANDO LA TSIKU LOBADWA LISATHERE KU CIPATALA

Pamene ndinali mwana m'zaka za m'ma 1980, tsiku langa lobadwa silinali ndi keke kapena makandulo. Shuga ndi mafuta ophikira zinali kusowa m'masitolo, ndipo amayi anali kuima pamzere kuyambira m'mamawa. Akazipeza anali kutikazingira vitumbuwa ndi kuphika mpunga ndi nkhuku ya kumudzi. Atate anali kubwera ndi botolo limodzi la Tip Top, ndipo tinali kugawana ana atatu. Tikatha kudya, agogo anali kundiimika pacitseko ndi kulemba ndi khala pamene mutu wanga wafika, kuti tione m'mene ndakulira. Zonse tinali kudya zikali zotentha, ndipo m'mbale simunali kutsala kanthu.

Lero m'makomboni mwathu phwando lakula. Pamakhala keke, maswiti, masoseji, saladi ya mbatatesi, zakumwa za m'mabotolo ndi ana a nyumba zonse za pafupi. Ici ndi cinthu cabwino, pakuti caka ciliconse cimene mwana watsiriza ndi coyamikira. Koma ife anchito za umoyo timaonanso mbali yaciwiri ya phwando. Usiku wina ndinalandira ana anayi ocokera pa phwando limodzi, onse akusanza ndi kutsegula m'mimba. Mayi wa nyumbayo anali kulira, poganiza kuti wina anaika mankhwala m'cakudya. Titafunsitsa tinapeza kuti mpunga unaphikidwa m'mawa, koma alendo anadya dzuwa litapendeka.

CAKUDYA COKHALITSA

Mu mpunga wosaphika mumakhala mbewu za tizilombo zimene sizifa ndi moto. Mpunga ukaphikidwa ndi kusiyidwa mumphika kwa maola ambiri, tizilomboto timaswana ndi kutulutsa ululu. Ululu umenewu sutha ngakhale mutenthetsenso mpungawo. Tizilombo tina timacokera m'manja mwa wophika, makamaka ngati ali ndi cilonda kapena cithupsa, ndipo timakonda saladi, kirimu wa keke ndi nyama yozizira. Wodya amayamba kusanza patapita ola 1 kufikira maola 6. Cakudya cotere kawirikawiri sicinunkha ndipo cimakoma bwino lomwe.

Cotero makolo, sungani malamulo awa:

1. Cakudya cophika cisakhale pa thebulo kupitirira maola 2. Phikani nthawi ya alendo itayandikira.
2. Nkhuku ipse mpaka pa fupa. Ngati pali kufiira, ibwezereni pamoto.
3. Mpeni ndi mbale zimene zakhudza nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanadulire tomato kapena keke.
4. Vundikirani zakudya kuti nchenche zisaterepo.
5. Ngati magetsi anazima kwa nthawi yaitali, musadalire furiji. Saladi ndi kirimu zikafunda, tayani.

MADZI NDI M'MANJA

Mwambo wosambira m'manja mu beseni imodzi ndi woopsa, cifukwa wotsiriza amasamba m'litsiro la anzake onse. Thirirani mwana aliyense madzi ocokera mu jagi, ndipo pakhale sopo. Madzi osungunulira zakumwa ndi opangira aisi akhale owiritsa kapena othira klorini. Tisaiwale kolera ya mu 2023 ndi 2024, imene inacititsa kuti bwalo la National Heroes mu Lusaka lisanduke cipatala ndiponso kuti masukulu acedwe kutsegulidwa. Nyengo ya mvula ikafika, samalani kwambiri.

ZOTSAMWITSA ANA

Njira ya mpweya ya mwana wamng'ono ndi yopapatiza, ndipo alibe mano okwanira kutafuna zolimba. Mwana wosafika zaka 5 musampatse nsawa zathunthu, cimanga cokazinga kapena maswiti olimba. Soseji muidule m'litali, osati mozungulira ngati ndalama. Zidutswa za baluni lophulika zitoledwe msanga. Ana adye atakhala pansi, osati akuthamanga kapena kuvina.

Mwana akatsamwa koma akutsokomola, mulekeni atsokomole. Ngati satha kulira kapena kupuma, muweramitseni ndi kummenya ndi cikhatho kasanu pakati pa mapewa kumsana. Khanda muligoneke cafufumimba pamkono panu, mutu uli cakumunsi. Musapise cala kukhosi kufunafuna cinthu cimene simuciona, cifukwa mungacikankhire mkati. Pamene mucita izi, wina afune galimoto yopita ku cipatala.

SHUGA

Keke ya tsiku limodzi siipha munthu. Bvuto limabwera pamene zakumwa za phwando zisanduka za masiku onse. Cakumwa cotsekemera ca mamililita 330 cimakhala ndi shuga wokwana masupuni ang'ono 8 kapena kuposa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni 12 pa tsiku, ndipo ndi bwino koposa akalekezera pa 6. Mwana afunika wocepa kuposa apa. Shuga wambiri amaola mano ndi kunenepetsa, ndipo kunenepa kwambiri kumatsegulira njira matenda a shuga. Mwana wosafika zaka 2 asamwe zakumwa zimenezi, ndipo wosafika caka 1 musampatse uci. Pambali pa keke ikani nthoci, malalanje, papaya kapena masuku pa nyengo yake. Madzulo ana atsuke mano asanagone.

MWANA AKATSEGULA M'MIMBA

Yambani msanga kumpatsa madzi a moyo (ORS). Sungunulani paketi mu madzi abwino monga mwa malangizo olembedwa pa paketipo. Ngati mulibe, ikani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita 1 ya madzi owiritsa. Mpatseni pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso. Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa. Ku kiliniki adzakupatsani mapiritsi a zinki akumwa masiku 10 kufikira 14. Thamangirani ku cipatala ngati mwana alephera kumwa, asanza zonse, maso alowa, afooka, kapena m'cimbudzi muli magazi. Nenani zimene anadya ndi ana ena amene anadya naye.

MPHATSO YOPOSA KEKE

Mzere wa khala wa agogo anga lero ndi kadi ya ku sikelo. Pa tsiku lobadwa la mwana itulutseni ndi kuiwerenga. Kodi mzere wa sikelo ukwera? Kodi analandira katemera wa cikuku pa miyezi 9 ndi waciwiri pa miyezi 18? Kodi alandira vitamini A miyezi 6 iliyonse, ndi mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira pa caka 1? Ngati pali potsala, pitani naye ku kiliniki sabata lomwelo.

Musatenge kaloba kaamba kofuna kupikisana ndi aneba. Ine ndikumbukirabe vitumbuwa vya amayi, ndipo palibe tsiku limene tinagona ku cipatala cifukwa ca ivyo. Phikani zimene mungathe, gawani zikali zotentha, ndipo ana onse abwerere kwao ali bwino.