Usathamangire Kubwerera M'bwalo

Mwanawe, amayi ako andiuza kuti wataya ndodo ndipo ukufuna kukasewera mpira wamanja Loweruka. Khala pansi kaye, azakhali ako ndikuuze.

Inenso kafupa ka pabondo, kaja kokhala ngati kambale, kanandiguluka ndili Fomu 2. Ndinawakha mpira, phazi lili nji pansi, thupi n'kutembenuka. Kafupako kanathawira kunja kwa mwendo, komwe kamathawira pafupifupi nthawi zonse, ndipo nditawongola mwendo kanabwerera kokha. Agogo anandithowa ndi madzi otentha, bondo n'kutupiratu ngati dzungu. Pofunika pamenepo panali nsalu yozizira ndi kusanjika mwendo pamwamba.

Patatha masabata atatu ululu unatha, ine n'kubwerera m'bwalo. Chaka chisanathe kanagulukanso, ulendo uno ndikungotsika minibasi.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Kafupako kamayenda m'kangalande ka fupa la ntchafu, ndipo mbali ya mkati kuli mtsempha wokagwira. Kakaguluka, mtsemphawo umang'ambika kapena kutamuka. Ululu umatha msanga, koma mtsempha umafuna masabata 6 kapena kuposa, ndipo ntchafu imakhala itafota chifukwa chosagwira ntchito. Tenga chingwe uyeze ntchafu zako ziwirizo, uona wekha. Kwa achinyamata ngati iwe ndiye kafupako kamakonda kugulukanso, makamaka atsikana ndi a mawondo ogundana. Kuguluka kulikonse kumapala chichereŵechereŵe, n'chifukwa chake ine lero pogwada kutchalitchi ndimayamba ndayang'ana pogwira.

Ngati sanakujambule bondolo kuchipatala, pita akakujambule. Nthawi zina kachidutswa ka fupa kamabenthuka n'kumayendayenda mkatimo. Bondo likamakakamira osawongoka, usadikire.

Koma mankhwala enieni ndi mafizo, ndipo ngotopetsa, sindikunamiza. Khala pamphasa utatambalala, limbitsa ntchafu ngati ukufuna kukanikiza bondo pansi, werenga mpaka 10, masula. Kenako kweza mwendo uli chiwongokere. Ugonenso cham'mbali n'kumaukweza, chifukwa minofu ya m'chiuno ndi imene imaletsa bondo kugwera mkati ukamatera. M'mawa ndi madzulo, ngakhale tsiku limene waboweka. A mafizo akakulola, yamba kuima ndi mwendo umodzi potsuka mbale, kukwera ndi kutsika pakhonde pang'onopang'ono, bondo lili moyang'anizana ndi chala chachiwiri cha phazi. Kunyonyomala kwambiri kuleke kaye, ndipo kuchimbudzi upeze pogwira. Ndowa ya malita 20 pamutu m'njira yoterera, asenze anzako.

M'bwalo ubwerere pakatha miyezi itatu kapena inayi, bondo litaphwa, ukutha kudumpha ndi mwendo wovulalawo mofanana ndi winawo popanda kachimantha kaja koti kaguluka. Aphunzitsi a masewero akakukakamiza kuti timu ikusowa wogoletsa, uwauze andiimbire ine.